Mizele ya pa msongolo wanga

Lolemba
Dziko lidziwe: ine, mlimi wa fodya, womaliza Giledi 5 mwaulemu, kuyambila lelo ndine dokotala wamkulu wa dela lonse la Mphamba.
Chilonda cha khasu pa msongolo chatha milungu iwili. NyaZimba, mkazi wanga, akuti chikapanda kupola pofika Loweluka, kiliniki. Kumeneko kuli jekeseni. Ine ayi.
Wezi, mdzukulu wanga wa ku yunivesite, waimba foni. Akuti amapanga kapulasitiki kopyapyala kosungunuka kokha m'thupi. Amakalemba timizele ndi kuwala kotchedwa leza, kuti mnofu watsopano upeze pogwila ngati nyemba pa phesi. Mizele? Ine ndinayamba kuunda mizele amake asanabadwe!

Lachiwili
Zofunika:
phala la chinangwa, lamadzimadzi
mbale ya alendo (NyaZimba asadziwe)
leza
Leza ndabweleka kwa aPhili, anansi athu: kamuni kofiila ka pa makiyi, kochokela ku Msika wa Lundazi. Amapusitsa nako mphaka.
Phala ndapaka pa mbale, ndayanika. Lauma, likusendeka ngati chikopa chofundula njoka. Pulasitiki wanga ndi ameneyu. Sayansi!

Lachitatu
Ndikuloza kamuni kuyambila m'mawa. Mzele palibe ndi umodzi. Dzanja lachita dzanzi.
Tambala wajompha kadontho kofiilako, kenako wameza pulasitiki yense. Kusungunuka m'thupi kwatheka ndithu. Thupi lake ndiye lolakwika.

Lachinayi
Pulasitiki wachiwili. Batile latha, ndiye leza wa lelo ndi dzuwa lodutsa m'magalasi anga owelengela Baibulo. Utsi! Bowo pa pulasitiki, bowo pa buluku.
NyaZimba: "Ena amakalamba mawondo, inu mwayambila mutu."
Pulasitiki wachitatu ndamulemba mizele ndi chipeso cha NyaZimba, akadali wofewa. Ndamata pa chilonda mizele itapingasa, monga amanenela alangizi pa munda wotsetseleka. Ndamanga ndi kansalu.

Lachisanu
Alendo ofika pa mwendo:
nyelele, pa mzele ngati ana a sukulu
ntchentche
galu wa aPhili
Mwendo watupa, nsapato yakana. Thupi likutentha, ndikufunda bulangete masana.
NyaZimba wandinenela kwa Wezi. Foni ikuchita kunjenjemela: "Asekulu, chotsani msanga! Ife tikali kuyesa m'timbale tagalasi, pa munthu sitinafike n'komwe!"
Nanga Lolemba osanena bwanji?

Loweluka
Kupalasa njinga kwakanika. Ndakwezedwa ngolo ya ng'ombe ya aPhili ngati belo la fodya. Mudzi wonse: "Monile adokotala!"
Nesi wamasula kansalu, wagwila mphuno. "Agogo, mumaphika chiyani pamenepa?" Ndafotokoza za leza. Sanaseke. Akuti ndikanachedwa masiku ena tikanakamba za mpeni.
Jekeseni ndalandila ngati msilikali, osaphethila. Nesi wandiombela m'manja.

Sondo
Kutchalitchi sindinapite, benchi ndi lolimba ndipo ndikukhalila thako limodzi. Mwendo wayamba kuphwa. Majekeseni atsala anayi. Udokotala ndausiyila Wezi, azilima yekha timizele take.
Poti lelo ndi tsiku la Ambuye, ndivomele: za m'manja dzulo ndinanama. Ndinakuwa mpaka ng'ombe panja zinadzidzimuka n'kuthawa ndi ngolo yomwe. APhili sakundilankhula.