Tsiku lomwe ndinaika apongozi anga pamalonda

Nkhani iyi mkazi wanga Hawa anandiletsa kuinena pagulu, koma poti ku Insaca kuno ngakhale oyendetsa chapa, timinibasi ta kuno, akuidziwa, bola muimve kwa mwini wake. Manyazi ake ndi oti ndikangokumbukira ndimayamba kukanda m'mutu mosayabwa.

Ine ndine Tomasi. Ndinabadwira ku Malawi makolo atathawa nkhondo, tinabwerera kuno ndili kamwana. Ntchito yanga ndi yomanga mawebusaiti. Ndimagwiritsa ntchito pulogalamu ina yaulere yomwe anthu a m'mayiko ambiri amaikonza mothandizana, ndipo chaka ndi chaka timasonkhana kuti tiphunzitsane, tidye masamusa ndi kugawana masikipa.

Vuto langa linali apongozi anga aamuna, Che Bwanali a kunyanja ya Chiuta, mkulu wa gulu la asodzi kumeneko. Ndi munthu wamtali, wa ndevu zazitali zogwera uku ndi uku. Kwa iwo mwamuna ndi amene amadziwa kupalasa bwato kapena kugwira khasu. Ine bwato ndinakwerapo kamodzi, ndipo anachita kundivuula. Anthu akawafunsa kuti mkamwini wawo amagwira ntchito yanji, ankangoti, "Amakhala pansi."

Zimenezo ndikanapirira. Koma Hawa anali atandinong'oneza kuti bambo ake ayamba kufunsa ngati sikungakhale bwino kuti iye ndi mwana wathu Fatima abwerere kunyanja mpaka mwamuna wake atapeza ntchito yeniyeni. Kwathu kuno mawu otere si ocheza. Mkazi ndi ana ali ndi kwawo, ndipo akaitanidwa amapita.

Ndiye ndinati ndiwaonetse kuti kukhala pansi nakonso kumabala. Ndinamangira gulu lawo webusaiti yogulitsira nsomba zouma: mlamba, makumba, matemba, zonse ndi zithunzi, pansi pake nambala ya foni ya Che Bwanali. Anavomera monyinyirika. Miyezi inadutsa foni ili zii, kupatula munthu mmodzi amene analakwitsa nambala.

Tsono ife omanga mawebusaiti tili ndi kachitidwe kathu. Timasunga mawebusaiti awiri ofanana ngati mapasa. Ina ndi yeniyeni, yomwe dziko lonse limaona. Inayo ndi yoyeserera, yobisika mu laputopu, momwe timayesa zatsopano tisanazitulutse. Mu yoyesererayo timaponyamo chilichonse chomwe chili pafupi, bola malo adzaze.

Tsiku lina ndikuyesa tsamba latsopano la malonda, zithunzi za nsomba zinandithera. Zomwe zinali pafupi zinali za ukwati wathu. Ndinatenga cha apongozi atakhala pampando, nkhope ili gwa, ndevu zili uku ndi uku, n'kuchiika pamalo pa mlamba. Kunena zoona, kufanana kwake kunalipo. Pansi pake ndinalemba kuti: "Mlamba wamkulu wa ku Chiuta. Wakale koma wolimba. Mtengo sutsika ngakhale ulire." Ndinaseka ndekha mpaka kutsamwa, mtima unapepuka. Apongozi aakazi, Abiti Saidi, nawonso sindinawasiye, koma amenewo tiwapeza kutsogolo. Kenako ndinaiwala zonse.

Msonkhano wathu wa chaka chimenecho unali ku Nampula, ndipo anandipatsa mpata wolankhula za kumanga webusaiti kumalo komwe netiweki imabwera ikafuna. Ndinakwera chapa mpaka ku Cuamba, kenako komboyo, sitima ya pamtunda ija, nditapinda bwino jekete la ukwati m'chikwama.

Holo inadzaza. Kutsogolo kunali sikirini yaikulu ngati khoma la sitolo, ikuonetsa zonse za mu laputopu yanga. Ndinalankhula bwino, musandione chonchi. Ndinawauza momwe ndimakwerera pachulu kuseri kwa msika kuti nditumize mafayilo, anthu anaseka, anaomba m'manja, mutu wanga n'kuyamba kukula.

Ndiye mayi wina wa ku Beira, Dona Amelia, katswiri wolemekezeka m'gulu lathu, anaimika dzanja. Anafunsa kuti ndimasamutsa bwanji zinthu kuchoka mu yoyeserera kupita mu yeniyeni netiweki ikakhala yofooka chonchi. Munthu wanzeru akanafotokoza ndi pakamwa n'kukhala pansi.

Ine ndinati, "Dikirani muone. Ndi batani limodzi basi."

Ndinadina. Ndinatsegula webusaiti yeniyeni ija monyada, n'kutembenukira anthu kuti andiombere m'manja.

Holo inali chete. Nditacheuka ndinapenyana ndi Che Bwanali, nkhope yawo yodzaza khoma lonse, ndevu imodzi yokha kutalika kuposa ine. Mnyamata wina wa ku Lichinga wodziwa Chinyanja anawerenga mawu aja mokweza, ndipo mwaulere, popanda womupempha, anawamasulira m'Chipwitikizi. Holo inagwa ndi kuseka. Wina kumbuyo anafunsa ngati mlambawo ndikugulitsa pa kilo kapena wathunthu.

Ndinathamangira kuti ndibweze, koma aliyense m'holomo anali atatsegula tsambalo pafoni yake kuti aone bwino ndi kujambula, moti wayifayi inalemedwa n'kufa. Ine amene ndinabwera kudzaphunzitsa anthu za netiweki yofooka ndinaima pamenepo ndikudina batani losayankha, thukuta likutsikira mu jekete la ukwati.

Gulu lathu lili ndi ubwino umodzi: amakuseka kaye mpaka misozi, kenako amakuthandiza ndi mtima wonse. Omwe anaseka kwambiri ndi omwe anandizungulira. Dona Amelia anandigawira intaneti ya pafoni yake, wina anafukula bakapu yakale, kope losungidwa la webusaitiyo, ndipo pomwe anzathu ankamaliza nkhomaliro, mlamba weniweni unali utabwerera pamalo pake. Dona Amelia anandisisita paphewa n'kundiuza kuti palibe womanga webusaiti amene sanatulutsepo zoyeserera molakwitsa. Ndinafunsa ngati alipo wina amene anatulutsapo apongozi ake. Anaganiza pang'ono n'kunena kuti ayi, pamenepo ndine woyamba.

Koma chithunzi chinali chitauluka kale m'mafoni a anthu. M'mawa mwake Hawa anaimba.

"Bambo a Fatima, mwachita chiyani? Foni ya ababa sikupuma chiyambire dzulo."

"Akwiya kwambiri?"

"Akuti mubwere kunyanja, musadzere kunyumba. Ine ndi mwana tili konkuno."

Foni inaduka. Mawu akuti tili konkuno anandilowa ngati minga. Ndinadziwa kuti basi, banja latha, ndipo ndalithetsa ndekha ndi chala chimodzi.

Ulendo wobwerera sindinadye kanthu. Ku Cuamba ndinagula shuga, masamba a tiyi ndi kofia yatsopano, zopepesera. Mu chapa bambo amene ndinakhala naye anandigunda ndi chigongono n'kundionetsa foni yake akuseka, kufunsa ngati ndamuona mdala ameneyu. Ndinayang'ana apongozi anga m'maso n'kunena kuti sindikumudziwa. Bamboyo anawonjezera kuti amene analemba zimenezi, ngati ndi wachibale, asamuke dziko. Ndinavomereza kuti akunena zoona.

Nditafika ku Chiuta ndinaona mathandala oyanikapo nsomba ali mbee, opanda ngakhale katemba kamodzi. Ndinati mumtima, taonani, aleka ndi ntchito yomwe kuti aweruze mlandu wanga. Pabwalo panali amuna a gulu lonse atakhala pamikeka, Che Bwanali pakati. Hawa anali chapatali ndi mwana, atadziphimba kukamwa ndi kapulana, chitenje chake chija, mapewa akugwedezeka. Ndinaona kuti akulira.

Ndinavula nsapato, ndinagwada patali, ndinaika mphatso zanga pansi. Ndinayamba kupepesa monga ndinakonzera mu komboyo, kuyambira pa ubwana wanga wovutika. Che Bwanali anakweza dzanja.

"Akamwini, funso langa ndi limodzi. Anakuuzani ndani kuti muchotse chithunzi changa?"



Anafotokoza okha, akusisita ndevu. Chitulukire chithunzicho foni inalira osapuma. Ogula anabwera pa njinga zakapalasa ndi zamoto kuchokera ku Insaca, ku Cuamba, ena kutsidya ku Malawi, onse akufuna kuona ndi maso mdala wosatsitsa mtengo uja ndi kugula nsomba zake. Ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene ananenerera, poti mawu aja anali atawachenjeza kale. Mathandala aja anali mbee chifukwa nsomba zonse zinali zitagulidwa, za gulu lonse. Chomwe chinawakwiyitsa n'chakuti obwera mochedwa ankatsegula webusaiti, n'kupeza mlamba wamba wopanda kofia, n'kuyamba kukayika ngati afika malo oyenera.

"Mawu aja munalemba zoona," anatero. "Ndine wakale, ndine wolimba, ndipo sinditsitsa. Zaka zonsezi ndimayesa simundidziwa."

Dandaulo lina linali la chithunzicho. Anati jekete lomwe anavala pachithunzipo linali lobwereka ndipo linkawathina m'khwapa, choncho ndibwere Lachisanu ndidzawajambule atavala mkanjo wawo woyera. Kenako anatembenukira anzawo aja n'kuwauza kuti mkamwini wawoyu ndi enjinyero, amagwira ntchito atakhala pansi chifukwa ntchito yake ndi ya m'mutu.

Abale, mpumulo womwe ndinaumva sindingathe kuufotokoza. Ndinayang'ana Hawa, ndipo ndi pomwe ndinazindikira kuti mapewa aja sankagwedezeka ndi kulira. Mkazi ameneyu anadziwa zonse kuyambira pa foni paja, koma anaona kuti ulendo wa mantha undichitira ubwino.

Ndikuti ndizipuma, kuseri kwa mpanda wa bango kunamveka kutsokomola. Anali Abiti Saidi. Mwa mwambo wathu ine ndi apongozi aakazi sitipenyana kapena kulankhulana mwachindunji, ndiye mawu awo anadzera mwa Hawa. Anati amene amawamba nsombazo ndi iwo, maso awo ndi amene amafiira ndi utsi, nanga bwanji pa intaneti patuluka mdala yekha? Kodi mkamwini sanawakonzere kanthu iwo?

Ndinali nditawakonzera, inde. Mu webusaiti yoyeserera ija Abiti Saidi anali pamalo pa tsabola, pa chithunzi chomwe anajambulidwa akukalipira ophika pa ukwati, pakamwa pali yasa. Pansi pake panali mawu akuti: "Piripiri wa ku Chiuta. Wamng'ono, koma akakulowa m'maso ulira sabata yonse." Chomwe chinawapulumutsa ku khoma la ku Nampula n'chakuti tsamba lawolo ndinalisiya losamaliza, ndiye batani lija linalidumpha. Koma linali likadalipo, mu laputopu, m'chikwama chomwe chinali kumsana kwanga.

Ndinauza Hawa kuti awauze amayi kuti chawo ndikuchikonza mwapadera, chimafuna nthawi.

Hawa anapita kumpanda, anabwerako maso akuwala.

"Akuti tsegulani aone pomwe mwafika. Ine ndiwatengera."

Amuna onse anasendera pafupi. Che Bwanali anati inde, tsegulani, enjinyero, amayi anu aone. Ndinatulutsa laputopu pang'onopang'ono ngati munthu wonyamula njoka. Ndinaipukuta fumbi lomwe panalibe. Ndinaitsegula, ndinapemphera mumtima m'zilankhulo zonse zomwe ndimadziwa, n'kudina.

Sikirini inangoti bii. Ndinadinanso. Bii. Batire inali itathera mu komboyo, ndipo pamudzipo panalibe poitchajira.

Ine amene ndakhala zaka ndikudandaula za magetsi m'misonkhano, tsiku limenelo ndinawayamika chifukwa chosafika. Ndinapukusa mutu mwachisoni chachikulu n'kulonjeza kuti Lachisanu amayi adzaona chinthu chokongola. Nditangofika ku Insaca, ndisanamwe ndi madzi omwe, piripiri uja ndinamufufuta, n'kufufutanso mu bakapu.

Lero Abiti Saidi ali pa webusaiti atavala kapulana yatsopano, pansi pake palembedwa mawu aulemu okhaokha omwe Hawa anawerenga kawiri asanatuluke. Hawa ndi Fatima ali kunyumba kwanga, ndipo Che Bwanali akayankha foni amayamba ndi kunena kuti, "Mlamba wamkulu pano."

Anzanga omanga mawebusaiti, mukamayeserera muziikapo chithunzi cha mbuzi, chifukwa mbuzi ilibe mwana wamkazi woti ikulandeni.