Wakabaza Wathu Wasowera M'nkhokwe

Lolemba
Gemu yathu ya pafoni yatsala pang'ono. Wakabaza akutsika mapiri a Biriwiri atasenza kabichi, wosewera akumuzembetsa maenje. Ine ndimalemba khodi, malangizo oyendetsa gemuyo, msuweni wanga Alinafe amajambula. Loweruka tikaonetsa a Jafali, eni shopu ya mafoni pa Sharpevale.
Lero ndalamula kuti zonse zilowe m'nkhokwe ya pa intaneti, ija imasunga chilichonse chimene wasintha. Khodi, zithunzi, mawu a belu. Alinafe akuti zithunzi zikhale pafulashi. Ndamuuza afufute, zachikale zimenezo.

Lachiwiri
Khodi yalowa tiyi asanazizire. Koma zithunzi! Chiyambire m'mawa ndili pachulu, laputopu pamiyendo, poti netiweki ili pomwepo. Linthumbu landiluma malo osatchulika.

Lachitatu
Mayo ine! Alinafe wakonza chipewa cha wakabaza, ine ndakonza tayala, pachithunzi chomwecho. Khodi ya anthu awiri nkhokwe imaphatikiza bwinobwino, koma pa chithunzi ikuti sankhani chimodzi. Ndasankha changa. Chipewa chazimirira.
"Unafunsa ndani?" akutero Alinafe. Ndikuyang'ana kudenga.

Lachinayi
Nkhokwe yatupa! Kani ukangosintha mtundu pang'ono, ikusunga chithunzi china chathunthu. Muli kabichi wobiriwira, kabichi wobiriwira kwambiri, kabichi wofota, kabichi wooneka ngati mutu wa munthu. Onse! Bandulo ya intaneti yatha ndisanakopere ndi theka lomwe.

Lachisanu
Wina pagulu la okonza magemu akuti, "Tsukani zakale zonse achimwene, ipepuka." Ndatsuka. Yapepukadi.
Zithunzi mulibe. Ngakhale chimodzi! Ndathamangira fulashi ija, kani Alinafe anafufutadi, muli nyimbo za kwaya. Miyezi yonseyi mwana wa amalume wakhala akujambula. Thukuta lili kamukamu, chonsecho ku Biriwiri kuno kukuzizira.

Loweruka
Alinafe wakana kubwera. Ndatsikira ndekha ku Sharpevale, kutentha kwake! A Jafali atsegula gemu. Msewu palibe, njinga palibe. Kabokosi koyera kakuthamanga kokha, belu likulira ngiri ngiri.
"Nanga munthuyo ali kuti?"
Ndikuti akubwera.
Andibwezera foni ndi zala ziwiri. "Zamizimu sindigulitsa ine, bambo."

Lamulungu
Pochokera kutchalitchi Alinafe wavomera kujambulanso. Malamulo ake: zithunzi asunga yekha, m'nkhokwe mulowe khodi yokha, ine ndisakhudze ngakhale sipokosi. Ndangoti chabwino.
Wayamba ndi chinthu chatsopano, bulu wogona pakati pa msewu. Makutu ndi a bulu, nkhope ndi yanga. Wandifananitsadi, sindingakane.