Maola Atatu Ndili Mwana wa Eni Ake

M'buku langa lolembamo za tsiku ndi tsiku muli tsamba limodzi limene ndinalipinda pakati kuti ndisamalione. Ndi la Lachisanu langa loyamba mu Lusaka. Lero ndalitambasula, chifukwa azakhali nkhaniyi aifotokozera pafupifupi tchalitchi chonse, ndipo ayamba kuwonjezeramo zawo. Bola muimve kwa mwini wake.

Ndinachokera ku Katete nditasankhidwa kukayamba Giredi 10 pa sukulu ina ya atsikana ku Woodlands. Kalata ya sukulu inanena mosabisa kuti amene sakaonekera ku ofesi Lachisanu pofika teni koloko, malo ake apatsidwa kwa wina. Inanenanso kuti foni ndi zoletsedwa, ndiye yanga ndinaizimitsa n'kuiika pansi pa pilo (ndine munthu womvera malamulo, ndipo muona kumene zinandifikitsa).

Azakhali, amene ndimakhala nawo ku Kabwata, ndi namwino, ndipo tsikulo ankalawirira ku ntchito. Choncho anandipemphera malo m'galimoto ya bambo wina wa kutchalitchi kwawo, amene amadutsa ku Woodlands tsiku lililonse.

"Uimilile pa kona paja seveni koloko," anatero m'Chinyanja chawo cha m'tauni. "Ba Mwansa bazabwela na motoka yoyela. Ungene chabe, osabachedwesa. Na osakamba maningi, ni bantu bakulu."

Zongolowa m'galimoto osawachedwetsa ndinazimva, koma langizo lomalizalo, loti ndisalankhule zambiri, silinali lofunika kwa ine. Kwathu mwana safunsa munthu wamkulu kumene akupita. Amayankha zimene wafunsidwa, maso ali pansi, basi. Za galimoto yoyeranso sindinade nazo nkhawa. Kumudzi kwathu galimoto yoyera ndi imodzi yokha, ya ahedi a pa pulayimale, ndipo aliyense amaidziwa ndi kulira kwake. Zoti mu Lusaka galimoto zoyera zachuluka ngati nkhuku za pa famu ndinali ndisanazione bwino.

M'mawa kunacha ndi mvula. Pofuna kuteteza yunifomu yatsopano, ndinadzifunditsa chitenje kuyambira kumutu mpaka m'mawondo, n'kungosiya nkhope. Ndisanaime nthawi yaitali, galimoto yoyera inaima patsogolo panga penipeni. Galasi linatsika. Munali bambo wa ndevu za imvi, atavala kachipewa koyera kopanda mlomo.

"Ndiwe mwana uja?"

"Eee, bambo." Ndinapinda mawondo mpaka chitenje chinakhudza matope.

"Lowa msanga, unyowa."

Ndinalowa kumbuyo, n'kukhala pafupi ndi mipukutu ya nsalu. Kachipewako ndinakaona ndithu. Ndinangoti mwina ndi mmene akuluakulu a mpingo amavalira kuno ku tauni. Chichewa chawonso chinali chosalala, chopanda "manje" kapena "ba" wa anthu a ku Lusaka, ndipo ndinayamikira mumtima kuti a Mwansa ndi Mbemba wakhama.

"Wakulatu," anatero tikunyamuka. "Ndinakuona komaliza uli kumsana."

"Zikomo, bambo."

"Amayi ako ali bwanji?"

"Ali bwino, apereka moni."

"Mwendo uja unasiya kuwavuta?"

"Ukumawavutabe kukazizira, bambo."

(Sindinaname. Amayi anga mwendo umawavutadi. Pambuyo pake ndinazindikira kuti palibe mayi amene alibe mwendo womuvuta.)

"Pa boda sanakuchedwetseni?"

Apa ndinaganiza pang'ono. Boda sindinaidutsepo chibadwire. Koma pa mlatho wa Luangwa apolisi anaimitsadi basi yathu, ndipo ndinati mwina anthu a ku Lusaka amaona ngati dziko limathera pamenepo. "Ayi, bambo, sanatichedwetse."

"Uli ndi ulemu iwe. Ana a kuno akanakhala atandiuza kale kuti ndisinthe wailesi."

Ndinasangalala kwambiri. Ndinakonza zoti madzulo ndikalembe mawu amenewo m'buku.

Azakhali anali atanena kuti ku Woodlands ndi pafupi, munthu sutha n'komwe kudya chimanga chimodzi chootcha. Ife tinalowa mu mzere wa galimoto umene unkayenda ngati anthu operekeza maliro. Tinazungulira pa raundabauti, tinaima pa maloboti, ogulitsa maambulera anatigogodera pa galasi. Eyiti koloko inakwana pa wotchi ya m'galimoto. Kenako tinalowa mu msewu waukulu umene ndinauzindikira bwinobwino, chifukwa ndi umene basi yathu inalowera mu Lusaka. Chikwangwani chinaloza kutsogolo, ndipo chinalembedwa kuti Chipata.

Ndinaganiza zinthu zitatu motsatizana. Choyamba, kuti iyi ndi njira yachidule. Chachiwiri, kuti bamboyu akufuna asiye kaye nsalu zake penapake. Chachitatu, kuti azakhali akundibweza kwathu mwakachetechete chifukwa cha bulauzi yawo imene ndinaiwotcha ndi simbi Lachitatu. Funso linakwera mpaka pakhosi. Ndinalimeza. Linakweranso titadutsa pa yunivesite. Ndinalimezanso, n'kumapemphera kuti Mulungu auze bamboyu kuti andifunse kumene ndikupita.

Sanandifunse. Anandifunsa ngati mpunga wabereka chaka chino. Ndinati kwathu timalima chimanga, iwo n'kunena kuti zinthu zikusinthadi.

Nthawi itatsala pang'ono kukwana naini, tinaima pa geti lobiriwira ku Chelstone. Munatuluka mayi wonenepa atavala mpango kumutu, manja ali m'mwamba.

"Mariamu! Mwana wa mchemwali wanga!"

Anandikumbatira mwamphamvu mpaka chitenje chinagwa. Panaonekera tayi, baji ya sukulu, ndi masokosi oyera ofika m'mawondo. Mayiyo anabwerera m'mbuyo. Anandiyang'ana kuyambira ku nsapato kukafika kumutu, kenako anatembenukira kwa amuna awo.

"Bambo a Yusufu, mwanditengera ndani?"

"Si mwana wa mchemwali wako ameneyu?"

"Mariamu ndi wamtali ngati chitseko! Uyu ndi mwana wa sukulu wa eni ake!"

"Komatu wayankha zonse bwinobwino. Ndi za mwendo zomwe."

"Mwaba mwana, bambo inu! Pa ukalamba wanu!" Kenako anandigwira paphewa. "Iwe mwana, umapita kuti?"

"Ku Woodlands, mayi."

"Nanga sunaone kuti njira si imeneyi?"

"Ndinaona, mayi."

"Ndiye bwanji osanena?"

"Sanandifunse."

Mayiyo anakhala pansi pa khonde. Bamboyo anavula kachipewa n'kukanda m'mutu. Ndi pamene ndinamva kuti dzina lawo ndi Che Saidi, ntchito yawo ndi ya utelala, ndipo kwawo ndi ku Mangochi. Mariamu anali atafika dzulo lake kuchokera ku Malawi n'kugona kwa achibale ku Kabwata, ndipo anamuuza kuti adikire pa kona yomweyo.

Ndinatulutsa kalata ya sukulu, misozi itayamba kundivuta. Mayi Saidi anaiwerenga, anayang'ana nthawi pa foni yawo, n'kudzuka. Analowa m'galimoto ndi masilipasi omwewo, manja akadali ndi ufa wa mandasi.

"Lizani galimoto. Mwana wa eni ake asataye sukulu chifukwa cha maso anu."

Nambala ya azakhali ndinali nditailemba pa tsamba loyamba la buku langa (onani ubwino wake), ndipo Mayi Saidi anawaimbira tili m'njira. Mawu a azakhali ankamveka galimoto yonse. Anati a Mwansa enieni awaimbira kuwauza kuti anafika pa kona mochedwerapo, n'kupezapo mtsikana wamtali ali ndi chikwama. Atamuuza kuti alowe, iye anawafunsa kuti ndi ndani, awatuma ndani, ndipo akupita kuti. Kenako anakana.

"Iwe!" anakuwa azakhali foni itafika pa khutu langa. "Ungena chabe mu motoka ya bantu osabaziba?"

(Ndinafuna kuwakumbutsa kuti "ungene chabe" anali mawu awo, koma kwathu mwana satsutsa azakhali.)

Ulendo wobwerera anauyendetsa ndi Mayi Saidi, ngakhale chiwongolero chinali m'manja mwa amuna awo. "Khotani apa. Osati apo, apa! Dzerani ku Kabulonga. Mukuyenda ngati mwanyamula mazira bwanji?" Che Saidi ankangoti, "Ndamva, amake Yusufu," uku akudumphitsa galimoto m'zithaphwi. Ine maso anali pa wotchi. Ndinkaganiza za amayi anga, amene anauza mudzi wonse kuti mwana wawo akukaphunzira ku Lusaka, ndi mmene ndikawafotokozere kuti sukulu ndinaiphonya chifukwa cha ulemu.

Tinalowa mu ofesi kutatsala mphindi zochepa kuti teni ikwane. Mlembi wa sukulu anali atayamba kale kutseka buku la mayina.

"Mwachedwa, ba dadi," anauza Che Saidi. "Mwenze kuti na mwana?"

Che Saidi anatsegula pakamwa kuti afotokoze zonse kuyambira pa kona ya Kabwata. Akazi awo anawaponda phazi.

"Lembani kaye dzina la mwana," anatero. "Nkhani ndi yaitali."

Dzina langa linalembedwa. Potsanzikana, Che Saidi anayang'ana siketi yanga n'kunena kuti amene anaisoka anapinda m'munsi mokhota, ndipo ndidzapite nayo akaikonze. Kenako anathamangira ku Kabwata, kumene Mariamu, mtsikana wochenjera wodziwa kufunsa, anali akadaima pa mvula.

Loweruka ndi Lamlungu azakhali anandiphunzitsa mafunso awiri: "Ndinu ndani?" ndi "Mukupita kuti?" Ndinawayeserera pa galasi la m'bafa. Ndinawalemba m'buku katatu, n'kudula mzere pansi pake.

Lolemba seveni koloko ndinaima pa kona paja, mutu uli poyera. Galimoto yoyera inaima. Galasi linatsika, ndipo bambo wina wa tayi amene ndinali ndisanamuonepo anati, "Ngena."

Ndinapinda mawondo, ndinathokoza, n'kulowa. Zoti analidi a Mwansa ndinazitsimikiza titafika pa geti la sukulu.