Sitima Imene Ndinamiza Ndekha

Valparaíso, Juni 1911

Kwa Olemekezeka Oweruza a Khoti la pa Doko,

Bwana,

Ine Anacleto Barría, kamunthu konunkha inki, mwini kanyuzipepala ka La Gaviota, ndagwada pansi kuthokoza chigamulo chanu pa mlandu wanga ndi a Quiroga, eni nyuzipepala yaikulu ya El Vigía. Munapeza kuti sanandibere nkhani, ndipo makina anga osindikizira munawamanga loko. Ana anga akuthokozanso, njala yawaphunzitsa kudzuka m'mamawa.

Choyamba, zikomo pondiphunzitsa kuti nkhani ili ngati mphepo, ilibe mwini. Ine mbuli ndimazungulira padoko mpaka nsapato kubooka, pamene a Quiroga amangodikira pepala langa la m'mawa, sizasi ili m'manja, kuti atulutse lawo madzulo. Ndinkayesa kumeneko n'kuba. Kani imagwira sizasi ndi mphepo!

Chachiwiri, za sitima ija. Ndinanena pamaso panu kuti ndinaipeka dala kuti nditchere mbala: Santa Eduvigis, yomira ndi matumba a tirigu, sitima imene sinayandamepo pa nyanja iliyonse. Madzulo ake inamiranso mu El Vigía, mawu ake omwewo. Iwo anangowonjezerapo mkazi wa kaputeni akudzigwetsa padoko ndi maliro. Mtolankhani wawo analumbira atagwira Baibulo kuti mayiyo anamuona ndi maso ake, inu n'kumukhulupirira. Kenako munatembenukira kwa ine n'kundilanga chifukwa chofalitsa bodza. Sitima imodzimodziyo ndi yoona kwa a Quiroga, yabodza kwa ine. Nzeru zotere m'mabuku mulibe. Amiseche akuti zimapezeka patebulo la alamu anu a Quiroga, kumene mumaswa nkhanu Lamlungu lililonse, ati khoswe akakhala pamkhate sapheka. Ine zimenezo sindizimvera.

Chachitatu, apa pokha sindibisa, zikundiwawa. Makinawo anandisiyira ndi malemu bambo anga, ndipo chinyezi cha m'nyanja chayamba kuwadya dzimbiri.

Kiyi sindipempha, ndine yani ine? Ndangomva kuti mwezi wamawa mukupita pa sitima ku doko la Callao kukapuma pamodzi ndi alamu anuwo. Auzeni aivuule sitima ija m'pepala la mawa, kwa iwo n'zosavuta. Ndipo chonde, Bwana, musakwere ina. Kaputeni wake ndinamuumba ndine, njira akuidziwa.

Kapolo wanu wosayenera,
Anacleto Barría