Ndime ya Nsalu Yofiira

Lolemba

Sabata lomaliza. Ndilembe, mutu wanga masiku ano ndi dengu lobooka.

Mwa alimi onse m'dambo muno, alangizi a zaulimi anasankha ine, mkazi wamasiye, kuti achite kafukufuku m'munda mwanga. Amuna ena mpaka lero sandipatsa moni bwino. Zawo izo.

Alangizi akuti thovu lija limatuluka ukaponda matope a mpunga ndi mpweya wotenthetsa dziko. Koma kumizu kuli tizilombo tosaoneka ndi maso timene timadya mpweyawo usanakwere. Akufuna kudziwa ngati feteleza amatipatsa mphamvu tizilomboti kapena amatilowetsa ulesi. Ndiye tinadula ndime zitatu, iliyonse ndi kansalu pamtengo:

yobiriwira, feteleza wambiri
yoyera, pang'ono
yofiira, ngakhale kanjere kamodzi iyayi

Loweruka abwera ndi ndowa zovundikira mpunga ndi jakisoni wokokera mpweya m'timabotolo. Ntchito yanga ndi imodzi basi: ndime yofiira ikhale ndi njala mpaka Loweruka. Ndinalera ana asanu ine, ndingalephere kulera ndime?

Lachiwiri

Pamjigo ndikufotokoza bwinobwino, ngati mphunzitsi. Alamu anga atolapo mawu amodzi okha: tizilombo. Pofika masana mudzi wonse wamva kuti munda wanga wagwa tizilombo.

"Pepani mayi, n'za Mulungu izi."

Ndikuti ayi, n'tabwino, timathandiza.

"Eya, muzilimba mtima choncho."

Pakamwa panga pandigulitsa.

Lachitatu

Zofika pakhomo lero: phulusa lodzaza lichero, madzi a nimu m'chigubu, mankhwala opopera theka la botolo opanda dzina, ndi malangizo osayamba.

Enanso akuti nsalu yofiira ija ndi chithumwa, ndakhwimira mpunga. Munthu wokhwima mpunga wake n'kuchita chikasu chonchi? Ndazula nsaluyo. Ndalemba pakatoni ndi khala, zilembo zikuluzikulu: OSATHIRA FETELEZA. Tsopano wosamva amve ndi maso.

Lachinayi

Che Jafali, a ndime yoyandikana nane, aima nthawi yaitali akuyang'ana ndime yanjala ija. Anali bwenzi la malemu amuna anga. Chaka chino apeza feteleza wa m'kathumba kakang'ono, akumusunga ngati mchere.

"Malemu akanakhalapo, mpunga sukanaoneka chonchi."

Ndikufotokoza za mpweya, za mizu, za timabotolo. Akugwedeza mutu mwaulemu.

"Alangiziwo akadzatenga mpweya wawo, inu mudzadya chiyani?"

Zandipweteka pang'ono.

Lachisanu

Tsiku lonse ku Nsanama, kugulitsa tomato ndi kutchajitsa foni kuti alangizi akaimba andipeze. Kumunda sindinapondeko. Tsiku limodzi lokha lingalakwe chiyani? Chitenje cha mawa ndasita kale.

Loweruka

Mayo ine.

Mbuzi yadya mbali ya katoni. Yadya OSA. Chatsala chikuti THIRA FETELEZA.

Pamzere wotchinga madzi pali tinjere toyera tingapo ndi mapazi a nsapato zapulasitiki. Nsapatozo ndikuzidziwa. Eni ake, Che Jafali, akubwera, akundinong'oneza:

"Dzulo nditachoka ku mzikiti ndinaona chikwangwani chanu. Munthu akafika polemba, ndiye kuti zamuthina. Musathokoze, sadaka sailengeza."

Alangizi afika ndi ndowa zawo. Atola kanjere kamodzi, akukayang'ana, akhala pansi pamatope osaona n'komwe. Akuti popanda ndime yanjala palibe choyerekezera, ntchito ya mwezi wathunthu yapita ndi madzi.

"Wachita zimenezi ndani, mayi?"

Che Jafali ali apo, nkhope ili ngwee ngati mkwati. Ndayankha kuti ndi mbuzi. Alangizi andiyang'ana nthawi yaitali, kenako amanga ndowa zawo panjinga.

Lamulungu

Chaka chamawa asankha wina, ndikudziwa. Amuna aja ayambiranso kundipatsa moni.

Pochokera kutchalitchi ndadzera kudambo. Ndime yanga iyamba kubiriwira masiku akubwerawa, tizilombo tanga kaya takhuta kaya tagona, palibe adzadziwe. Ndayang'ana kwa Che Jafali. Kathumba kaja kali pachitsa, kopanda kanthu, akuopsezera mbalame. Anathira yense kwa ine. Ndime yokhayo yosalawa feteleza m'dambo lonse tsopano ndi yawo.

Alangizi ndikanawauza akanalumpha ndi chimwemwe, ndowa zikanabwerera mawa lomwe. Sindiwauza. Feteleza wanga wotsala ku ndime yoyera alipo beseni limodzi. Mawa Che Jafali akapita kumsika ndikathira m'ndime yawo, ndipo wofunsa ndidzamuuza kuti ndi mbuzi.