Batire la galimoto ya abwana

Lolemba
Bambo a Tadala apita kumaliro a amalume awo ku Mbenje, abwera Lamulungu. Galimoto ya abwana awo, yomwe amanyamulira anthu, aisiya pansi pa mtengo wa nimu. Akuti ndisaikhudze. Koma kutentha kwake! Tadala watuluka timatuza khosi lonse, akungolira. Ndatenga kiyi, ndadina batani lija amadina iwo. Kamphepo kayamba kutuluka. Mwana wagona, inenso ndagona. Wailesi ikuimba. Palibe amene adziwe.

Lachiwiri
Mayo ine! Ndikudina batani, zii. Ngakhale kagetsi kamodzi. Ndadinanso ndi chala china, zii. Ndapha galimoto ya eni. Abwana akamva, ntchito yatha, ndiye mwanayu adya chiyani? Zochita: osauza apongozi, osalira pagulu, kuidzutsa lisanafike Lamulungu.

Lachitatu
Ndapempha azibambo a pabawo. A Fombe akuti, "Ndi batire iyi mlamu, tingoikankha ilira." Akankha. Matayala osatembenuka n'komwe. Ayitana ena a kumsika, akankhanso, mmodzi nsapato yaduka. Galimoto ili pomwepo. Kenako atsegula kutsogolo kuti aone batirelo. Mulibe! Muli zingwe zonenepa zofiirira basi. A Fombe akuti, "Akubelani usiku." Thobwa langa amwa lonse.

Lachinayi
Amuna anga ayimba foni. "Galimoto ili bwino?" Ndati ili pamthunzi. Si bodza. Masana ndikufuna sokosi ya Tadala pansi pa mpando wakumbuyo, ndaona kachitseko. Kutsegula, batire! Kakang'ono, kangokhala phee ngati sikanalakwe. Ndathamangira kwa a Zuze okonza njinga zamoto. Akuti galimotozi ndi za haibulidi, zili ndi mabatire awiri, lalikulu loyendetsa ndi kakang'onoka kodzutsa zonse. Ukadina batani osaponda buleki, injini sidzuka, kamphepo kamangodya kakang'onoka. Zingwe zofiirira zija akuti zimapha munthu. A Fombe dzulo amazigwedeza ndi manja! A Zuze abwera, amasula kabatire, andipatsa.

Lachisanu
Mwana kumsana, batire pamutu, ulendo wa kwa ometa tsitsi komwe amatchaja. Kochepa koma kulemera ngati mwala wa mphero. Panjira ndakumana ndi apongozi. "Mwasenzanji apo?" Ndati ndi la wailesi ya amayi a mvano. Sanakhulupirire, koma andisiya ndipite. Kufika kwa ometa, magetsi azima kuyambira m'mawa. Ndadikira pakhonde mpaka Tadala watha mabere onse awiri. Ndalisiya komweko. Ambuye, magetsi abwere.

Loweruka
Abwera! Ometa agunditsa kachipangizo kawo mbali ziwiri za batire, akuti lafika thwelofu ndi kena, ladzaza. A Zuze alibwezera, chingwe chofiira poyamba, chakuda pambuyo. Ndadina. Magetsi onse ngwee! Ndavina ndi mwana kumsana. Koma mtima sukukhazikika. Nanga likafanso mawa amuna anga atafika? Ndiyenera kuliyesa ngati likulimba. Ndayatsa zonse: kamphepo, wailesi, nyali zakutsogolo, zothwanima zija. Ndikumabwera kudzaona. Likulimba! Azibambo a pabawo abwera kudzamvera mpira, ndawalola, ndi mbali ya kuyesa komweko. Buleki ndaikumbukira mpira uli pakati, wailesi itayamba kulira ngati mbuzi yodwala. Ndathamanga, ndaponda ndi miyendo yonse iwiri, ndadina. Zii. A Fombe akuti, "Pyadidi, zili bwino mlamu, mwaliyesa, tadziwa polekezera pake." Akufunsa ngati ndili ndi wailesi ina m'nyumba.

Lamulungu
Ometa atseka, ali kutchalitchi. A Zuze apita ku Nchalo. Amuna anga atumiza uthenga kuti adutsa Bangula, ndipukute galimoto chifukwa abwana akuifuna mawa m'mamawa. Ndaipukuta. Ndatsuka ndi matayala omwe. Ikunyezimira, sinaonekepo bwino chonchi. Ndapha nkhuku yanga ija yoikira mazira. Tadala ndamusambitsa, ndamudzoza mafuta. Akangofika ndiwapatsa mwana m'manja, akhale pansi, adye kaye. Akatha kusamba m'manja ndinena zonse. Nkhata ndapinda kale. Mawa tambala woyamba batire lili pamutu panga, iwo azikapepesa kwa abwana pafoni tikuyenda.