Kilachi ya Abambo Mwale

Lolemba
Dzulo kutchalitchi ndinatsegula pakamwa. Abambo Mwale, mkulu wa mpingo wathu, amadandaula kuti kilachi ya kagalimoto kawo kakale yalimba, ndipo a kugaraja akuti malo alibe mpaka mwezi wamawa. Ine: "Aja ndi akuba ovala maovolosi. Ndipatseni madzulo amodzi basi." Anthu onse anamva, makapu a tiyi ali m'manja.

Loweruka mwana wawo Tadala akukwatiwa. Anamulonjeza akadali kusukulu kuti tsiku la ukwati adzamupititsa okha kutchalitchi pa kagalimoto kameneka. Kofiira, ka mipando iwiri, denga lochita kupinda, kakakulu kwa ine pa zaka.

Ndaweruka kuntchito ku Corby, ndalunjika kwawo ku Oadby. Ndaponda kilachi. Yolimbadi, ntchafu mpaka kunjenjemera. Ndawauza mosazungulira: kebulo yachita dzimbiri. Amayi Mwale andiyang'ana nthawi yaitali, ngati pali china chimene amadikira kuti ndinene.

Lachiwiri
Galimotoyi ilibe kebulo.

Ndagona pansi pake ndi tochi kufunafuna chinthu chimene sichinaikidwemo chipangidwire. Kilachi yake imayendera mafuta, ngati mabuleki. Ndatulukako nkhope ili bii, ndawauza kuti ndimangofuna kutsimikiza. Abambo Mwale agwedeza mutu mwaulemu. "Mwana wathuyu ndi wosamala." Bola akanandilalatira.

Zotsala kukayikira: kachitsulo kamene pedulo imazungulirapo, paipi ya labala, kapampu ka pamwamba, kapampu ka pansi. Ndi ine mwini, koma zimenezo ayi.

Lachitatu
Girisi paliponse. Pa pedulo, pa sipuling'i, pa kapeti yawo ya kirimu. Kusintha palibe.

Pa nthawi yopuma kuntchito ndaonera mavidiyo a azungu okalamba ofotokoza zinthu pang'onopang'ono ngati akuwerenga maliro. Mmodzi akuti magalimoto a nthawi imeneyo kilachi yake ndi yolemera chibadwire. Ndamutseka. Munthu wovala juzi m'garaja angandiuze chiyani?

Mkazi wanga akufunsa kuti ndinaponda liti kilachi komaliza, popeza chibwerereni kuno kwa azungu ndimayendetsa otomatiki. Ndamuyankha mokweza. Ana atseka chitseko cha kuchipinda kwawo, wamkuluyo ati "calm down" ngati ndine kasitomala. Funsolo sindinaliyankhe.

Lachinayi
Ndaganiza zochotsa mafuta akale, kuthiramo atsopano. Pa kapampu ka pansi pali kabawuti kotulutsira mpweya. Kadzimbiri. Ndakoka, sikakusuntha. Ndatukwana chapansipansi poti ndi pakhomo pa mkulu wa mpingo. Ndalumikiza paipi ku sipanala kuti ndipeze mphamvu.

Thyo.

Theka lili m'manja mwanga, theka latsalira m'kati. Mafuta akudontha pa simenti yoyera ya ku Oadby. Pedulo tsopano ndi yofewa zedi, ikungogwa yokha mpaka pansi. Giya ndiye sikulowa olo imodzi.

Abambo Mwale aiponda, nkhope yawala. "Eya! Umu ndi m'mene inalili kale." Ndanena kuti patsala kumalizitsa pang'ono. Ine amene ndimauza masupavaiza zoona pamaso.

Lachisanu
Ndayimba kulikonse, Leicester yense mpaka Nottingham. Kapampuko kalipo, koma kadzafika Lachiwiri.

Amayi Mwale andiitanira kukhitchini, atseka chitseko. Akuti galimotoyo anaiyendetsa iwo sabata yatha kukagula maluwa, inalibe vuto. Chimene chafooka ndi bondo lakumanzere la abambo. Masitepe akukwera cham'mbali. Akawafunsa akuti ndi nsapato.

"Ine sindingawauze, Tadala sangawauze, mkamwini ndiye angayambire pati? Titamva inu mukudzipereka tinati Mulungu wayankha. Paja inu achimwene simuopa munthu. Timati muponda kamodzi n'kuwauza kuti adala, galimoto ili bwino, mwendo ndi umene watha."

Ndiye kuti sanandifunire masipanala. Amafuna pakamwa pangapa. Ndipo abambo akanamva zoona Lolemba, bwenzi atapempha wina kuti ayendetse Tadala, kapena atapeza njira ina. Galimoto inali yamoyo.

Ndatuluka kuti ndikanene zonse. Ndawapeza akupukuta magalasi a galimoto ndi kansalu, akuimba nyimbo ya kwaya, suti yapachikidwa kale pachitseko. Ndatsegula pakamwa. Chotuluka: "Sipeya yachedwa, bambo." Apinda kansalu kaja. Kenaka ati, "Si mlandu wanu."

Loweruka
Mkwatibwi wapita pa galimoto yanga. Ndadzuka m'mawa kuchotsa majekete a kuntchito, mipando ya ana, tchipisi cha pansi pa mpando. Maliboni amene anagulira kofiira kaja amangidwa pa yangayi, yotuwa, yophwanyika bampala. Fungo la girisi silinachoke.

Abambo Mwale akuumirira kuyendetsa okha. Otomatiki, mwendo wakumanzere uli phee. Ayendetsa bwinobwino mpaka pakhomo la tchalitchi, ine ndili pampando wakumbuyo pakati pa diresi, ndanyamula maluwa. Tadala akuseka, kenaka akulira, kenaka akufunsa ngati zenera limatseguka. Silitseguka.

Pa zithunzi zonse za pakhomo ndikuonekamo.

Lamulungu
Pa zolengeza Abambo Mwale aimirira, atagwira benchi. Athokoza onse ophika ndi okongoletsa holo. Kenaka atchula dzina langa. Akuti ndinalimbana ndi galimoto yovuta sabata yonse osalandira kanthu, ndipo kilachi ndinaifewetsa, kungoti sipeya inachedwa. Mpingo waomba m'manja. Amayi Mwale sanaombe. Amayang'ana m'buku la nyimbo.

Pa tiyi anthu atatu andipempha kuti ndikaone magalimoto awo. Ndati ndili ndi mashifiti.

Lachiwiri ndikamanga kapampu katsopano, kilachi ibwerera kulimba kwake kwa chibadwire. Adzaiponda, adzandiyang'ana. Ndayeserera m'bafa mawu oti ndidzanene. Ngakhale pagalasi ndikuyamba ndi "pepani bambo, mwina ndi paipi."